Makamera a digito ooneka ngati akale: ndi maonekedwe chabe kapena alidi ndi ntchito?

Gologolo: Moni nonse pa gulu. Funso langa lili pa makamera a digito opangidwa mofanana ndi a filimu aja, monga Fujifilm X100VI, Nikon Zf ndi OM-3. Ena akuti ndi fasho basi, ena akuti amasinthadi kajambulidwe ka munthu. Akuluakulu odziwa, kusiyana kwake kwenikweni kuli pati? Nanga munthu ayang'ane chiyani asanatulutse ndalama?

Akulu a Gulu: Mwafunsa bwino achimwene, safunsa adadya phula. Tiyambe tasiyanitsa, chifukwa makamerawa sali mtundu umodzi. Alipo amene timagudumu tapamwamba ndi timene timalamuliradi kuwala, ndiye alipo amene angovala malaya akale koma m'kati amayenda ngati kamera ina iliyonse ya masiku ano. Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani kamera, muyang'ane pamwamba pake. Ngati mukutha kuwerenga liwiro la shata (kachitseko kolowetsa kuwala kwa kanthawi), apecha (bowo la m'lenzi lodutsa kuwala) ndi ISO (mmene sensa imamvera kuwala) zonse zitatu kamera ili chizimire, imeneyo ndi ya gulu loyamba. Ngati simungadziwe kanthu mpaka mutayatsa sikirini, ndi ya gulu lachiwiri.

Komanso nkhaniyi si ya dzulo. Epson R-D1 idatuluka mu 2004, ya ma megapixel 6, ili ndi kachitsulo kokokera shata ndi chala chachikulu ngati kamera ya filimu, ndi timivi ngati ta wotchi toonetsa batire ndi zithunzi zotsala. Olympus idabwera ndi PEN E-P1 mu 2009. Koma imene idatsegula msika ndi Fujifilm X100, yomwe idaonetsedwa ku chionetsero cha makamera cha Photokina mu 2010 n'kuyamba kugulitsidwa mu 2011. Nikon idayesa ndi Df mu 2013, kenako Z fc mu 2021 ndi Zf mu 2023, ziwirizi zotengera maonekedwe a FM2, kamera yake ya filimu ya mu 1982.

Namzeze: Ndionjezere pa mfundo ya Akulu. Pa Fujifilm monga X100VI kapena X-T5 palibe kagudumu ka P, A, S, M, kosankhira zimene kamera isankhe yokha ndi zimene musankhe inu. Chilichonse mwa zitatu zija chili ndi chilembo A, kutanthauza Auto, pa kagudumu kake. Mukaika ring'i ya lenzi pa A ndi shata pa A, kamera ikusankha zonse yokha. Mukachotsa ring'i pa A n'kuika f/5.6, inu mwasankha apecha, kamera isankha shata. Mukachotsa shata pa A n'kuika 500, ring'i ili pa A, mwasankha liwiro. Mukachotsa zonse ziwiri ndiye kuti mukuyendetsa nokha. Palibe kagudumu kamene kamanama: chimene chalembedwa ndi chimene kamera ikuchita.

Pa Nikon Zf zili mwina. Timagudumu ta shata ndi ISO tilipo, ta mkuwa, tolimba bwino, koma palinso kotembenuzira ka M, A, S, P pansi pa kagudumu ka ISO. Mukakhala pa A, kagudumu ka shata katha kuloza 1/1000 pamene kamera ikujambula pa 1/60, chifukwa pamenepo sikagwira ntchito. Kagudumu ka ISO nako kalibe malo a Auto. Auto ISO imayatsidwa kwina, ndipo ikayaka, nambala imene ili pamwamba sindiyonso ISO yeniyeni. Ambiri amasokonezekera pamenepa masiku oyamba.

Kadzidzi: Achemwali mwanena zoona, koma musaipondereze Zf. Vuto lake lalikulu si limenelo ayi, ndi malenzi. Malenzi awiri amene adapangidwa kuti agwirizane nayo m'maonekedwe, 28mm f/2.8 SE ndi 40mm f/2 SE, alibe ring'i ya apecha yolembedwa manambala. Apecha mumasinthira pa kagudumu ka kutsogolo kwa kamera n'kumaiwerenga pa kazenera kakang'ono pamwamba. Ndiye theka la kamera ndi la 1982, theka ndi la lero. Koma m'kati mwake ndi chilombo: sensa yaikulu ya 36 x 24mm ya ma megapixel 24.5, chochepetsa kugwedezeka chofika masitopu 8 pa muyeso wa kampani (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukudula pakati), ndi fokasi yotsata maso imene siphonyaphonya. Mumdima, pa ISO 6400 kapena 12800, sensa yocheperapo ya APS-C, monga ya mu X100 ndi X-T5, siingafike pamenepo.

Namzeze: Pa za mumdima sindikutsutsa. Ndipo kunena chilungamo, kwa Fujifilm nakonso si malenzi onse ali ndi ring'i yolembedwa. A mtundu wa XC alibe ring'i n'komwe. XF 18-55mm f/2.8-4 ili nayo koma yopanda manambala, popeza apecha yake imasintha mukamakoka zumu. XF 27mm f/2.8 yoyamba idalibe. Adaiika pa yachiwiri ya mu 2021. Wogula zogwiritsidwa kale ntchito aziyang'anitsitsa pamenepo.

Gologolo: Nanga OM-3 ndi PEN-F ya Olympus zili mbali iti?

Akulu a Gulu: Gulu lachiwiri, ndipo si chitonzo. PEN-F ya mu 2016 ndi OM-3 ya mu 2025 zonse zili ndi kagudumu ka P, A, S, M, zilibe kagudumu ka shata kolembedwa manambala. Chimene zili nacho ndi kagudumu kutsogolo kosinthira mitundu, kuchoka pa zithunzi zamitundu kupita pa zakuda ndi zoyera. OM-3 idatengera thupi la Olympus OM-1 ya mu 1972, koma sensa yake ndi yothamanga kwambiri ndipo thupi lidayesedwa pa fumbi ndi madzi kufika pa muyeso wa IP53. PEN-F ilibe chitetezo cha mvula. Sensa ya zonse ziwiri ndi yaing'ono, ya Micro Four Thirds, ndiye lenzi ya 17mm imaona ngati 34mm ya pa sensa yaikulu, ya 25mm ngati 50mm.

Wokonza Makamera: Ndilowepo pa X100, poti ndi imene anthu amaithamangira osadziwa chimene akugula. Lenzi yake siichoka. Ndi 23mm f/2, yoona ngati 35mm, kuyambira pa yoyamba mpaka pa X100VI ya mu 2024. Shata yake ili m'kati mwa lenzi, timasamba tachitsulo totseguka kuchokera pakati, osati nsalu yoyenda kutsogolo kwa sensa. Zimenezi zimabala zinthu zitatu.

Choyamba, siimveka, kangoti tiki basi. Chachiwiri, fulashi imagwira pa liwiro lalikulu, ngakhale 1/1000, pamene Zf imathera pa 1/200 ndipo X-T5 pa 1/250. Ndiye masana dzuwa lili pamutu mutha kudetsa thambo ndi shata n'kuwalitsa nkhope ndi kafulashi kakang'ono. Chachitatu ndi chimene chimapweteka anthu: timasamba tija timafuna nthawi kuti titseguke mpaka kumapeto, choncho apecha ikakhala yotsegula kwambiri shata siifika pa liwiro lake lonse. Pa X100 yoyamba, f/2 inkathera pa 1/1000, ndipo 1/4000 inkapezeka kuyambira f/8.

Tiwerengere limodzi. Dzuwa lowala bwino, lamulo lakale limati f/16, liwiro lofanana ndi ISO. Pa X100VI ISO yoyambira ndi 125, ndiye f/16 pa 1/125. Kuchoka pa f/16 kufika f/2 ndi masitopu 6: 11, 8, 5.6, 4, 2.8, 2. Liwiro liyenera kukwera ka 64, kufika 1/8000. Shata ya timasamba siifika. N'chifukwa chake m'kati mwa lenzi adaikamo fyuluta ya ND, yochepetsa kuwala: masitopu 3 kufikira X100F, masitopu 4 pa X100V ndi X100VI. Mukaiyatsa, 1/8000 imatsika kufika 1/500, nkhani yatha. Chimene chimalakwika n'chakuti munthu amaiwala kuizimitsa polowa m'nyumba, Auto ISO n'kukwera ka 16, zithunzi zonse n'kudzadza timadontho iye osadziwa chifukwa chake. Ikani ND pa batani lake lakelake, ndipo muzolowere kuyang'ana kachizindikiro kake.

Kadzidzi: Ena amathawira ku shata ya magetsi, imene imafika 1/32000 kuyambira pa X100T. Padzuwa pa chinthu chokhazikika palibe vuto. Koma sensa imawerengedwa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndiye galimoto yothamanga imapendekeka, ndipo pansi pa mababu a LED chithunzi chimatuluka ndi mizere yakuda yopingasa. Mababuwo amaphethira motsata magetsi. Kumene magetsi ndi a 50Hz gwiritsani 1/50 kapena 1/100. Kumene ndi a 60Hz, 1/60 kapena 1/120. Apa pomwe kagudumu kokongola kaja kamaonetsa malire ake: kali ndi 30, 60, 125, kalibe 50 kapena 100. Pa Fujifilm muike pa 60 kapena 125 n'kusuntha pang'ono ndi kagudumu ka kumbuyo, kapena muike pa T kuti liwiro lonse lipite ku kagudumu ka kumbuyoko. Pa Zf muike pa 1/3 STEP. Ndipo fulashi siwomba pa shata ya magetsi ya X100, musadabwe nazo.

Gologolo: Zikomo akulu. Ndimamvanso zoti X100V ndi X100VI sizilowa madzi. N'zoona?

Wokonza Makamera: N'zoona theka. Thupi lidatsekedwa, koma kutsogolo kwa lenzi kumayenda uku ndi uku pofokasa, ndiye pali mpata. Kuti itsekeke pamafunika zinthu ziwiri zogula padera: ring'i ya AR-X100 ndi fyuluta ya 49mm monga PRF-49. Mumamasula karing'i kokongoletsa ka kutsogolo, n'kumanga adaputayo, n'kumanga fyuluta pa adaputa. Osamanga fyuluta mwachindunji popanda adaputa, kapena pa adaputa yaifupi kwambiri: lenzi ikamatuluka pofokasa pafupi imagunda galasi la fyuluta, kamera n'kulemba kuti muizimitse n'kuyatsanso. Ndipo dziwani kuti pa kamera ya lenzi yosachoka, fumbi likafika pa sensa simungalipukute nokha, mpaka kuiphwasula. Fyulutayo siiteteza mvula yokha ayi.

Pogula X100 yoyamba ya 2011 yesani timasamba ta apecha, chifukwa zina zoyambirira zinkakakamira. Ikani shata ndi ISO pamanja, jambulani khoma pa f/2 ndi 1/500, kenako f/4 ndi 1/125, kenako f/8 ndi 1/30, kenako f/16 ndi 1/8. Zithunzi zinayi ziyenera kuwala mofanana. Ngati zikuyererayerera pamene nambala ya f ikukwera, timasamba sitikutseka.

Bilimankhwe: Mwakamba zazitsulo, koma chimene chidakopa gulu lalikulu ndi mitundu. X100V itatchuka pa TikTok kumapeto kwa 2022 mpaka kusowa m'masitolo, anthu sankafuna shata ya timasamba, ankafuna chithunzi chotuluka m'kamera chitapsa kale, osakhalanso pa kompyuta. Fujifilm ndi kampani ya filimu, ndiye idaika m'kamera mitundu yotengera mafilimu ake: Provia, Velvia, Astia, kenako Classic Chrome mu 2014, Acros mu 2016, Eterna mu 2018, Classic Neg mu 2019, Reala Ace mu 2023. X100VI ili nayo 20.

Zimene anthu amatcha ma recipe n'kungosakaniza mtundu umodzi ndi zosintha zina n'kusunga pa C1 mpaka C7. Chitsanzo chojambulira mumsewu masana: Classic Chrome, DR400, Highlight -1, Shadow +1, Color +2, Grain Weak Small, White Balance pa Daylight yosunthidwa R +2 ndi B -4 kuti ifunde. Tsono mvetsani pamene pamavuta. DR400 imagwira potsitsa kuwala masitopu 2 kuti thambo lisapse, kenako n'kukweza mithunzi. N'chifukwa chake imafuna ISO 500 kupita m'mwamba pa X100VI, ndi 640 pa X100V. Mukakhoma ISO pa 125, DR400 siigwira, kamera imabwerera pa DR100, inu n'kumadabwa kuti bwanji chithunzi sichikufanana ndi cha mnzanu. China ndi Clarity: ikangochoka pa 0, kamera imaima kanthawi pambuyo pa chithunzi chilichonse ikukonza. Pojambula ana kapena anthu oyenda isiyeni pa 0. Chachitatu, White Balance yokhomedwa pa Daylight ikalowa m'chipinda cha mababu ofiirira imasandutsa khungu kukhala ngati lalanje. Recipe imodzi siikwana tsiku lonse.

Namzeze: Ndipo recipe imaphikidwa mu JPEG yokha. JPEG, chithunzi chophikidwa kale, ndi ya ma bit 8, pamene RAW, chithunzi chachiwisi chochokera pa sensa, ndi ya 14. Mukalakwitsa White Balance mu JPEG, pobweza mitundu imasweka, makamaka thambo limachita mizeremizere. Jambulani RAW ndi JPEG pamodzi. Mukafuna kusintha recipe pambuyo pake, kamera yomweyo imatha kuphikanso RAW, kapena muilumikize ku kompyuta ndi waya wa USB pogwiritsa ntchito X RAW Studio, imene imabwereka ubongo wa kamera. Lightroom ili ndi mitundu ya mayina omwewo koma siitenga Grain, Highlight ndi Shadow zanu monga zidalili.

Kadzidzi: Ine mawu oti zithunzi zake zimaoneka ngati filimu ndimawakayikira. Filimu ya negativu imapirira kuwala kochuluka, ukaonjeza masitopu awiri imatulukabe. Sensa ikapsa yapsa. Zimene zikufanana ndi mitundu ndi timadontho, osati mmene kuwala kumathera ku mbali yoyera. Chikomekome cha mkuyu chimenecho kwa amene akuganiza kuti wagula filimu yosatha.

Bilimankhwe: Achimwene, DR400 ija ntchito yake ndi imeneyo, kufewetsa kumene kuwala kukuthera. Siifika pa negativu, ndikuvomera, koma si mitundu yokha. Ndipo amene amakonda Velvia ndi Provia akutengera filimu ya silaidi, imene nayo siinkakhululuka: theka la sitopu linkaoneka.

Kwa a Nikon, Zf ili ndi kotembenuzira ka B&W pansi pa kagudumu ka shata, kamodzi kokha mwalowa m'zakuda ndi zoyera, ndipo muli Flat Monochrome ndi Deep Tone Monochrome. Deep Tone imadetsa thambo bwino koma pa nkhope imakuza mithunzi, ndiye onjezani kuwala pang'ono, +1/3 kapena +2/3.

Wa Malenzi Akale: Moni akuluakulu, ndafika mochedwa. Kwa ena a ife phindu lenileni la makamerawa ndi kuvala malenzi akale. Chinsinsi ndi mtunda wochoka pakamwa pa kamera kufika pa sensa. Nikon Z ndi 16mm, Fujifilm X ndi 17.7mm, Micro Four Thirds ndi 19.25mm. Malenzi akale adapangidwira mtunda wautali: Leica M 27.8mm, Canon FD 42mm, M42 ndi Pentax K 45.46mm, Nikon F 46.5mm. Adaputa ndi kachitsulo kabowo kongodzadza mpatawo, mulibe galasi. Ikatalika ngakhale pang'ono kupitirira muyeso, lenzi siifika pa zinthu zakutali. N'chifukwa chake zambiri amazipanga zofupikirapo, ndiye manambala a mtunda a pa lenzi amaphonya pang'ono. Musamangopotokola mpaka kumapeto n'kuganiza kuti phiri lafokasika, yang'anani.

Masitepe ake ndi awa. Pa Fujifilm yatsani Shoot Without Lens, apo ayi batani silidina. Kenako lembani kutalika kwa lenzi mu Mount Adaptor Setting. Pa Nikon ndi Non-CPU Lens Data. Izi si zongolembera mbiri: chochepetsa kugwedezeka chimawerengera pa nambala imeneyo. Mukavala 135mm kamera ikuganiza kuti ndi 28mm, sichikonza mokwanira. Mukavala 28mm ikuganiza 135mm, chimagwedeza sensa mopitirira n'kudzetsa chimbuuzi chimene panalibe. Lembani nambala yeniyeni ya pa lenzi, osati yochulukitsa ndi 1.5. Fokasani apecha ili yotsegula, mutakulitsa chithunzi mu viewfinder, kazenera kosuzumirapo, kenako tsekani apecha kufika pamene mukufuna. Timizere towala ta focus peaking pa f/1.4 timanamiza, timaonetsa malo aakulu kuposa amene afokasikadi.

Apa ndi pamene Zf imapambana: 50mm imakhala 50mm. Pa Fujifilm kapena Z fc imaona ngati 75mm, pa OM-3 ngati 100mm. Helios 44-2 ya 58mm f/2, imene anthu amaikondera kuzunguliza kwa kumbuyo, kuzungulirako kuli m'mphepete mwa chithunzi, ndipo sensa yaing'ono imadula mphepetezo.

Gologolo: Ndiye lenzi yakale ya Nikon pa Zf imagwira ngati pa FM2?

Wa Malenzi Akale: Ayi achimwene, ndipo zimakhumudwitsa ambiri. Adaputa ya FTZ, yovalira malenzi a Nikon F pa makamera a Z, ilibe kadzino kowerenga ring'i ya apecha ya malenzi akale a AI ndi AI-S, ndiye kamera siidziwa yokha kuti muli pa f ingati. Kuyeza kuwala kumagwira ndithu, popeza ikuyeza kuwala kumene kwalowa. Adaputayo ilibenso mota ya sikuluu yoyendetsa fokasi, choncho malenzi a AF-D, amene amadalira motayo, amasanduka ofokasa pamanja. Chodabwitsa n'chakuti Df ya 2013, imene anthu adainyoza chifukwa cha kunenepa ndi kusowa vidiyo, ndi imene idachita bwino apa: kadzino kake kamapindika kuti ilandire ngakhale malenzi a isanafike 1977. Amene akufuna ring'i yeniyeni pa Zf ayang'ane malenzi a Voigtländer opangidwira Z, ofokasa pamanja koma olankhula ndi kamera.

Chenjezo lina: malenzi otambalala a Leica M akale, monga 21mm ndi 28mm, galasi lawo lakumbuyo limayandikira sensa, kuwala kumafika m'makona mopendekeka n'kudutsa m'magalasi ophimba sensa. Zotsatira zake makona achimbuuzi ndiponso ofiirira. Kuyambira 50mm kupita m'mwamba vutoli silioneka kwenikweni.

Wokonza Makamera: Pogula lenzi yakale tsegulani apecha yonse, walitsani tochi kuchokera kumbuyo mopendekeka, muyang'ane kutsogolo. Fumbi lochepa lilibe kanthu. Timizere tonga ukonde wa kangaude ndi fangasi, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wa pagalasi, kupukuta sikubweza. Chifunga chotuwa chimachepetsa kusiyana kwa kuwala ndi mdima. Mafuta pa timasamba ta apecha amachititsa kuti tizitseka mochedwa. Super-Takumar 50mm f/1.4 yambiri imachita chikasu chifukwa cha thorium ya m'galasi. Kuiika pa kuwala kwa UV masiku angapo kumaiyeretsa. Posunga, chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 50 peresenti, m'bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel ndi kachoyezera chinyezi. Chikapitirira 60 kwa nthawi yaitali fangasi imamera. Zikwama zachikopa zokongola zija, zimene anthu amagulira kuti kamera ioneke yakale, zimasunga chinyontho. Yendani nazo, koma musagonekemo kamera.

Akulu a Gulu: Wina atchuleko Leica, tisaoneke ngati tikuiopa.

Kadzidzi: Leica M siitengera zakale, ndi yakaleyo imene ikupitirira kuchokera pa M3 ya mu 1954. Fokasi ndi ya pamanja, mumagwirizanitsa zithunzi ziwiri pa kabokosi ka pakati, ndipo njira imeneyi imathera pa mita 0.7. Ikagundidwa imasokonekera n'kufuna kuikonzanso. Zakale za digito zili ndi matenda odziwika. M8 ya mu 2006 imaona kuwala kwa infrared, nsalu zakuda zopangidwa ku fakitale zimatuluka zofiirira pokhapokha muvale fyuluta ya UV/IR. M9 ya mu 2009 galasi la pa sensa limadyeka, vuto limene kampaniyo idavomereza mu 2014. Yesani pojambula khoma loyera pa f/16, mukaona timadontho tokhala ndi mkombero woyera, si fumbi limenelo. Ziliponso zopanda sikirini kumbuyo, M-D ya 2016 ndi M10-D ya 2018. Fujifilm idayesa zofananako pa X-Pro3 mu 2019 pobisa sikirini m'kati.

Namzeze: Tibwerere pa viewfinder, popeza achimwene a Gologolo adafunsa ngati kajambulidwe kamasintha. Pa X100 ndi X-Pro kazenera ka galasi kamaonetsa malo ochuluka kuposa amene alowe m'chithunzi. Mumamuona munthu asanalowe m'mizere yoyera ija, n'kumudikira afike pamene mukufuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kazenerako kali pambali ndi pamwamba pa lenzi, ndiye pafupi, pansi pa mita imodzi ndi theka, chimene mukuona si chimene lenzi ikuona. Kabokosi ka fokasi katha kukhala pa diso kamera n'kufokasa pa khoma la kumbuyo. Yatsani Corrected AF Frame, kapena kokani kachitsulo ka kutsogolo mulowe mu viewfinder ya magetsi. Komanso X100 zonse isanafike V zimachita chifunga pa f/2 mukayandikira kwambiri. Tsekani kufika f/4. Lenzi adaikonzanso pa X100V mu 2020.

Njira ina yakale imene timagudumu timaifewetsa ndi kukhoma mtunda. Pa 23mm, f/8, mukakhoma fokasi pa mamita 3.3, zonse kuchoka pafupifupi mita 1.7 mpaka kutali zimaoneka bwino pa chithunzi chosindikizidwa mwa saizi wamba. Mukakhoma pa mamita 2, mumapeza kuchoka 1.25 mpaka 5. Shata pa 1/500, ISO pa A, palibenso kudikira fokasi. Mu menyu sinthani Depth-of-Field Scale kukhala Film Format Basis, chifukwa Pixel Basis imaonetsa kampata kakang'ono kwambiri.

Kadzidzi: Pa ma megapixel 40 a X100VI manambala amenewo ndi owolowa manja. Mukakulitsa pa kompyuta mpaka kumapeto muona kuti si zonse zili ngwee. Ndipo kupitirira f/8 pa sensa imeneyo chithunzi chimayamba kufewa chifukwa kuwala kumamwazika podutsa pa bowo laling'ono. f/5.6 mpaka f/8 ndiye malo ake, f/16 isiyireni pamene palibe kuchitira mwina.

Wokonza Makamera: Za thupi palibe amene wanena. Kamera za filimu zinali zafulati kutsogolo chifukwa malenzi ake anali aang'ono. Zf imalemera magalamu 710 ndi batire, ilibe pogwira pokwanira, ndiye mukavala zumu ya 24-70mm f/2.8 dzanja limatopa msanga. Ambiri amagula chogwirira chomangira pansi, kulemera n'kuonjezeka. X-T5 ndi magalamu 557, X100VI 521, Z fc 445. Z fc ilibe chochepetsa kugwedezeka m'thupi. Zf ili ndi malo a makhadi awiri koma lachiwiri ndi microSD, ndipo onse ali m'chipinda cha batire, kotero kamera ikakhala pa tripod kusintha khadi n'kovuta. X100VI ili ndi malo amodzi a UHS-I, khadi la UHS-II siliithamangitsa. Batire yake NP-W126S pa muyeso wa CIPA, bungwe la makampani a makamera, imapereka zithunzi 450 pa kazenera ka galasi, 310 pa ka magetsi. Tengani awiri.

Kagudumu koonjezera kapena kuchepetsa kuwala kali m'mphepete ndipo kalibe loko, kamatembenuka potulutsa kamera m'chikwama. Tibatani tokongoletsa tomangira pa batani la shata nato tisamalidwe: tikakola lamba timapinda kamtengo ka batani, ndipo ta sikuluu yaitali timakanikiza m'kati. Ikani kamphira kopyapyala pansi pake, mumange ndi zala, osati pulayala.

Gologolo: Ndamva zambiri. Ndiye kwa munthu amene ali kale ndi malenzi atatu akale a M42, ndipo amakonda kujambula anthu madzulo?

Wa Malenzi Akale: Zf, mosakayika, chifukwa malenziwo aona monga adapangidwira ndipo imazindikira maso ngakhale mukufokasa pamanja, n'kukulitsa pomwepo. X100 ichotseni pa mndandanda, siivala lenzi ina.

Namzeze: Ngati mwa atatuwo muli 28mm ndi 35mm, X-T5 kapena X-T3 yogwiritsidwa kale ntchito iwasandutsa 42mm ndi 52mm, zomwe si zoipa pojambula anthu, kungoti X-T3 ilibe chochepetsa kugwedezeka. Tiuzeni manambala a malenziwo.

Wa Malenzi Akale: Eya, mutiuze. Muyang'anenso kumbuyo kwa lenzi iliyonse ngati kuli kapini kakang'ono. Kameneko ndi kamene kamatseka apecha. Ngati lenzi ili ndi kotembenuzira ka A ndi M, ikani pa M. Ngati ilibe, gulani adaputa ya M42 yokhala ndi mlomo wam'kati wokanikiza kapiniko, apo ayi ring'i muzingoitembenuza apecha ili chitsegukire.